Pansi pa Mwala wa Kanku

Khijadiya, 5 Okutobala 2022

Mwananga Hasmukh,

Jai Shri Krishna. Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Surat, iwe, mkazi wako ndi mdzukulu wanga Drashti. Kuno ndilipo. Mtedza tazula, thonje layamba kuyera, bondo lamanzere likuchita zake zomwe zija.

Usandiimbire foni kundifunsa chifukwa chake ndalemba kalata. Makutu anga anatsalira pa mphero yoperera dayamondi. Ndiponso mawu a pa foni alibe siginecha, munthu anena lero, mawa akana.

Wa angadiya, kampani yonyamula makalata ndi katundu wamtengo, amene wakupatsa kalatayi akupatsanso kaphukusi komata, ndasaina pomatapo kawiri. M'katimo muli chipini cha malemu amayi ako, Kanku. Ananena asanatisiye kuti Drashti adzavale pamphuno tsiku la ukwati wake, ndipo poti tsikulo mwaika pa 4 Disembala, ndati ndisachedwe. Golide wake watha, kamtengo kolowa pamphuno kanapindika kalekale. Upite nacho kwa wosula golide apange chatsopano, koma mwala ukhale womwewo. Uime pomwepo akamagwira ntchito. Asatuluke nawo m'chipinda ngakhale kokamwa madzi.

Dayamondi ameneyu sindinagule m'sitolo. Mu 1984 ndinamugula wosapera, wotuwa ngati mchere, ndipo tinamupera pa mphero yathu tsiku lopuma, anthu anayi monga mwa nthawi zonse, aliyense mbali yake. Popat wa kuseri kwathu kuno anapera pamwamba. Pansi ndinapera ndine. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ndinapera pansi pa miyala, pamwamba sindinakhudzepo ndi tsiku limodzi lomwe. Miyala yonse ija inapita kunja, ili pa zala za anthu amene sadziwa kuti kuli Trikam. Watsala ndi umodzi wokhawu, wochepa ngati njere ya mphodza.

Ukudziwa zimene anandichita mu 1991, unali ndi zaka khumi ndi zisanu. Mwini fakitale uja, dzina lake sindilemba, anati ndasintha mwala wabwino ndi woipa. Anandivula malaya pamaso pa anthu makumi asanu ndi limodzi, anandipisa m'kamwa ndi chala. Patapita masiku atatu kunapezeka kuti kalaliki wake ndiye anasokoneza timaphukusi. Mawu oti pepani ndikuwadikirabe. Chuma ndinalibe ndipo ndilibe, koma manja anga ndi oyera, ndipo ndicho cholowa chako.

Ndalemba zimenezi chifukwa cha kumene ukugwira ntchito tsopano. Ndamva kuti kumeneko miyala yanu yophika imakhala yodzaza m'mbale ngati shuga. Mwala wa amayi ako usalowe pa chipata cha fakitale imeneyo. Usagone m'thumba limodzi ndi yanuyo.

Undilembere ukalandira. Pa chikondwerero cha Diwali mubwera tsiku liti? Ndiuziretu kuti ndipereretu mchewere.

Bambo ako,
Trikam


Surat, 16 Okutobala 2022

Bapuji,

Jai Shri Krishna. Ndagwira mapazi anu. Tonse tili bwino, ndipo a Jerambhai, bambo ake a mkwati, akupereka moni. Bondolo muzipaka mafuta aja ndinakusiyirani, musamangowasunga pa shelefu.

Bapuji, miyala yathu si yophika ayi, imachita kumera. Ndikufotokozereni kamodzi kokha, mwina mtima wanu ungatsike. Timatenga ufa woyera wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, wachibale ndi sera wa kandulo ndiponso timipira tothamangitsa njenjete m'masutikesi. Timauika m'kachibotolo kochepa ngati chala chachikulu, pamodzi ndi zitsulo zina ndi mbewu. Mbewuyo ndi kachidutswa ka dayamondi. Makina amakanikiza kachibotoloko mbali zonse zisanu ndi imodzi, mphamvu yake ngati malole awiri odzaza thonje atasanjikizana pa chikhadabo chanu, ndipo m'katimo mumatentha mpaka chitsulo kusungunuka. Ufa uja umaphwasuka, mpweya wake n'kuchoka, chotsalacho n'kumakakamira pa mbewu pang'onopang'ono. Pakatha milungu iwiri timatsegula. Nthawi zina timapeza mwala, nthawi zina makala okhaokha, chifukwa njira ya ufayi ndi yatsopano, tikuiyesa kumene. Koma ukatuluka, ndi dayamondi ndithu. Nthaka nayo inachita chimodzimodzi, kungoti inalibe changu.

Makinawa akayatsidwa sazimitsidwa. Chaka chino ndine woyang'anira nthawi ya tchuthi, choncho pa Diwali sitibwera. Mutikhululukire.

Kaphukusi kafika. Wosula golide ali ndi ntchito yambiri nyengo ino.

Mwana wanu,
Hasmukh


Khijadiya, 27 Okutobala 2022

Hasmukh,

Jai Shri Krishna. Chaka chabwino chatsopano chimene chayamba ndi Diwali, ngati makina ako akulola kuti uchilandire.

Kalata yako ndaiwerenga katatu. Ndawerenganso mizere. Za makina walemba mizere khumi ndi isanu ndi umodzi. Za chipini cha amayi ako, mzere umodzi ndi theka. Sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi, koma kuwerengera kotere ndimatha.

Mabasi a ku Surat afika odzaza masiku anayi otsatizana. Nyumba iliyonse pamzere wathu munali phokoso la ana, yathu yokha munali ine ndi chithunzi cha amayi ako. Nyali ndinayatsa ndekha. Chiyambire iwe kupita ku tauni sunaphonyepo Diwali, ngakhale chaka chija unathyoka mwendo unabwera ndi ndodo.

Dzulo m'mawa ndinapita pa benchi ya tiyi. Popat anayamba ndisanakhale n'komwe.

"Trikam, wasayansi wako uja watsika basi iti? Kapena amutsitsa pa ndege kuseri kwa khola?"

Ndinati makina ako sazimitsidwa.

"Eyaa, akuphika! Umuuze atiphikireko wamkulu ngati anyezi, nanenso ndife ndili bwana."

Anthu anaseka, inenso ndinaonetsa mano. Ndiye nkhalambayo inandifunsa za chipini, poti inandiona ndikupita kwa angadiya. Nditaiuza, inatsitsa kapu.

"Mwala weniweni watumiza kwa munthu amene ali ndi yabodza yodzaza thumba? Mnzanga, mkaka wasungitsa mphaka."

Ndinamuuza kuti pakamwa pake pananunkha kuyambira ali mwana. Koma mawuwo ndinabwera nawo kunyumba, ndipo akhala nane pano.

Wosula golide wa mtundu wanji amatha milungu itatu pa kachipini? Ndinakhala ku Surat iwe usanabadwe, ntchito imeneyo ndi ya tsiku limodzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chikhale chatha kapena sichinathe, unditumizire ndichione ndi maso anga, ndichiike pamaso pa chithunzi cha amayi ako, ndiye ndidzabwera nacho ndekha ku ukwati.

Bambo ako,
Trikam


Surat, 3 Novembala 2022

Bapuji,

Jai Shri Krishna. Ndagwira mapazi anu.

Chipini ndi chimenecho, chatha. Golide watsopano, mano anayi ogwira mwala, m'munsi mwake motseguka kuti kuwala kuzilowa, monga amavalira atsikana a masiku ano. Muchiike pa chithunzi cha Ba, amayi anga, monga mwanenera. Musadzivutitse maso ndi kagalasi kanu kaja, adokotala anakuletsani.

A Popat musamawamvere. Anakhala akukunamizani pa makhadi zaka makumi anayi.

Mwana wanu,
Hasmukh


Khijadiya, 7 Novembala 2022

Hasmukh,

Moni ndilibe lero.

Kaphukusi kanafika Loweruka m'mawa. Ndinayala pepala loyera pakhonde pamene dzuwa limafika, ndinatulutsa kagalasi kanga ka diso limodzi, kamene unandiletsa kaja. Munthu wosalakwa saletsa kagalasi. Popat anaona ndili chiweramire, anabwera wosaitanidwa monga mwa khalidwe lake.

"Patse kuno, wakhungu iwe."

Anayang'ana pamwamba, anapendeketsa, anamwetulira.

"Ndi womwewo. Dzanja langa ili, ndikuliona. Taona kusalala! Ana a lero angathe zimenezi?"

"Tatembenuza," ndinatero.

"Nditembenuzirenji? Pansi n'pa anthu apansi."

Moyo wake wonse Popat sanatembenuzepo mwala. Akauona pamwamba, kwa iye wauona. Ndinamulanda, ndinautembenuza, ndinayang'ana m'munsi motseguka muja. Ndinazungulira mbali zonse, dzino ndi dzino, kawiri. Kenaka ndinapukuta kagalasi n'kuzunguliranso kachitatu.

"Nanga bwanji, wapansi?" anatero Popat.

"Ndi womwewo," ndinayankha.

Ndinanama chifukwa cha iwe, ndipo bodzalo likundiwawabe. Mwala umenewu si wa amayi ako. Kukula n'komweko, mtundu n'womwewo, wausankha bwino. Koma pansi pake sipanadutse dzanja langa. Usandifunse kuti ndadziwa bwanji. Mayi safunsidwa kuti wadziwa bwanji mwana wake.

Wanga uli kuti? Wagulitsa? Wapatsa bwana wako kuti akukweze? Masiku awiri ndakhala ndikufunafuna chifukwa chabwino, sindinachipeze. Anandivula pamaso pa anthu chifukwa cha mlandu umene sindinachite, ndipo ndinkati chikhalirecho, m'nyumba mwanga mulibe wosintha miyala. Lero ali m'nyumba mwanga, wadya chakudya cha manja a Kanku.

Tsono ganiza za mwana wako. Jerambhai amagulitsa miyala yokumba yokhayokha, yophika safuna ndi kuimva dzina. Mu ofesi mwake muli makina aja amaloza kuti uwu ndi wa m'nthaka, uwu ndi wa m'fakitale. Tinawauza tokha, tsiku la chinkhoswe, kuti mtsikana adzabwera ndi mwala wa agogo ake. Tsiku lina mpongozi wake wamkazi adzati tachipatse tichitsuke, ndipo chidzafika pa makina amenewo. Kuyambira tsiku limenelo Drashti adzakhala mwana wa osintha miyala m'nyumba ya eni, kufikira imfa. Ine dzina limenelo ndalisenza, ndikudziwa kulemera kwake. Kuli bwino ukwati uthe lero kusiyana ndi zimenezo.

Ndiye tamvera chimene ndachita. Ndalemba kalata kwa Jerambhai, ndanenamo zonse. Ili yomata mu ofesi ya angadiya ku Surat komweko. Ukudziwa mmene amagwirira ntchito: aipereka kwa munthu yekhayo amene abwere ndi ndalama yapepala ya marupi khumi imene nambala yake yalembedwa pa envulopu. Ndalamayo ili m'thumba la malaya angawa. Ukapita kukawachonderera udzangotaya nthawi, anthu aja sapereka ngakhale kwa nduna.

Mwala wa amayi ako ukafike m'manja mwanga pasanafike pa 20 mwezi uno. Ukapanda kufika, ndalamayo ndiitumiza kwa Jerambhai.

Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, amatero. Ine mkhatewo ndiuswa.

Trikam


Surat, 10 Novembala 2022

Bapuji,

Ndagwira mapazi anu, ngakhale mwawabweza.

Mukufuna kupha ukwati wa mdzukulu wanu chifukwa cha zimene diso la zaka makumi asanu ndi awiri laona, diso lochotsedwa ng'ala chaka chatha. A Popat, amene anaupera nanu limodzi, akuti ndi womwewo. Inu nokha mukuti ayi, ndipo chifukwa chake simunena.

Nditchulireni chizindikiro chimodzi chokha. Kadontho, kamzere, mbali yopendekeka, chilichonse chimene chinali pa mwala wa Ba chimene palibe pa umenewu. Moyo wanga wonse mwandiuza kuti unali woyera ngati madzi a mumtsuko, wopanda kachilema. Uwunso ndi woyera. Nanga mukusiyanitsa ndi chiyani?

Mwini fakitale uja anakuweruzani popanda umboni. Inu mukuchita chiyani?

Sindinagulitse kanthu. Ndipatseni mpaka pa 22.

Hasmukh


Surat, 14 Novembala 2022

Dada,

Jai Shri Krishna. Ndine mdzukulu wanu Drashti. Ndagwira mapazi anu. Papa sakudziwa kuti ndikulemba. Kalata yawo simunayankhe, ndipo tsiku lililonse akabwera ku ntchito amayamba ayang'ana pansi pa chitseko asanavule nsapato. Ine ndatopa nazo.

Mwaona bwino, Dada. Mwalawo si wa Ba. Wa Ba unasweka pa 9 Okutobala, ndipo ine ndinalipo.

Tinapita atatu kwa wosula golide, ine, Papa ndi Mummy. Mkuluyo anayang'ana chipini ndi kagalasi, n'kunena kuti, "Hasmukhbhai, amene anapanga ichi anali ndi golide wotaya. Mano atatu ndi abwinobwino, koma ili lachinayi ndi lonenepa ngati la njati. Laphimba mwala mpaka m'munsi."

Anatenga kopanira kake kuti akweze manowo. Papa anamugwira dzanja.

"Dikirani, bambo. Bapuji anati ndisachotsepo diso. Ndikweza ndekha."

"Kwezani, bwana injiniya," anatero mkuluyo akuseka. "Ife osaphunzirafe tionere."

Mano atatu anakwera bwinobwino. Atangokweza lonenepa lija, tinamva kaphokoso kochepa, ngati munthu wathyola chikhadabo. Pa nsalu panagwa tizidutswa tiwiri.

Kenaka wosula golide anakweza manja m'mwamba. "Mwaona nonse, ine sindinakhudze!" Papa anangokhala pansi pomwepo, pa simenti, ndi buluku lawo la ku ntchito. Mummy anati, "Tiwauze Bapuji lero lomwe." Papa anati, "Ndiwauze kuti chiyani? Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu unali pamphuno pa Ba, kumunda, ku chitsime, pa moto, osasweka. M'manja mwanga mphindi imodzi. Moyo wawo wonse watsala kamwala kamodzi, ndipo ndakaswa ndine, wophika miyala."

Pa Diwali sanali woyang'anira aliyense. Anakapempha bwana wawo kuti awabwereke makina amodzi nthawi ya tchuthi. Anatenga kachidutswa kamodzi ka mwala wa Ba n'kukaika ngati mbewu. Ankati mwala ukamera pa mbewu ya Ba, ndiye kuti Ba alimo ndithu, ndipo adzakhala ndi poyambira pokuuzani. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kutentha kunakwera mopitirira, mbewu inasungunuka. Atatsegula anapeza chibulumwa chakuda. Tsiku limenelo sanadye, ndipo kuyambira pamenepo amadya ngati mbalame.

Ndiye kunabwera kalata yanu yoti mufuna kuona chipini. Anasankha mwala wa ku fakitale wofanana kukula n'kuuika. Ndinawauza kuti, "Papa, Dada adziwa." Anati, "N'kwa masiku ochepa chabe, maso awo anatha." Pamenepo analakwa, ndipo akudziwa. Sindikuwaikira kumbuyo.

Kachidutswa kachiwiri, komaliza, kali m'makina kuyambira pa 8. Atsegula pa 22. Akatsegula msanga, chonse chiwonongeka. Inu mwati pa 20. Masiku awiri, Dada.

Nikunj, amene ndikukwatiwa naye, sindinamuuze kanthu, poti nkhaniyi ndi ya akuluakulu. Akamandifunsa chimene chandidetsa nkhope ndimati mutu. Ndimamufuna, sindibisa. Koma ngati mtima wanu ukuti mutumize ndalama ija, tumizani. Chokhacho, musalole kuti anthu anene kuti Papa anagulitsa mwala wa amayi awo. Anangouswa, ndipo sakudzikhululukira.

Pali chimodzi chimene sindikumvetsa. Ku fakitale amati dayamondi sasweka ndi kopanira ka wosula golide. Papa ndinawaona, anagwira mofatsa ngati akuchotsa kachitsotso m'diso.

Mdzukulu wanu,
Drashti


Khijadiya, 18 Novembala 2022

Mwananga Hasmukh,

Jai Shri Krishna.

Mwana wako wandilembera. Usamukalipire, pa nyumba yonseyi ndi yekhayo amene wanena zoona osachita kumupanikiza.

Unandinamiza, ndipo sindifafaniza. Unatenga mwala wa m'fakitale n'kuutcha dzina la amayi ako, unadalira kuti maso anga anatha. Zimenezo ndi zako, uzisenza. Koma unandifunsa funso ndipo sindinayankhe. Masiku asanu ndi atatu ndakhala nalo. Ndikanatha kufa nalo, iwe n'kumayenda moyo wako wonse ukuganiza kuti unaswa mwala wa amayi ako, ine n'kukhala wolungama. Ndikuuze zoona, maganizo amenewo anandikomera tsiku lathunthu.

Sunauswe ndiwe.

Mwala uja unali ndi mng'alu kuyambira tsiku limene ndinaugula, n'chifukwa chake munthu ngati ine ndinakwanitsa kuugula. Unali m'munsi, kuyambira m'mphepete kulowa m'kati. Ndinauona ndili pa mphero. Kuti ndiuchotse, ndikanapera mwalawo mpaka kutsala theka, kanthu kosaoneka pamphuno. Ukudziwa mmene anatiphunzitsira: kulemera kwa mwala ndi mulungu, wopera wotaya kulemera ndi mbava. Ndinausiya. Ndinapera mbali zozungulira mosamala kuti usapitirire, ndipo ndinauza wosula golide wa nthawi imeneyo kuti dzino limodzi alinenepetse, liphimbe pamenepo. Dzino la njati lija ndi langa. Ndilo linagwira mwalawo zaka zonsezi. Aliyense wolikweza akanauswa, ngakhale ine.

Kwa amayi ako ndinati, "Kanku, woyera ngati madzi a mumtsuko." Ndinanena kamodzi, ndiye ndinayenera kunenabe, kwa iye, kwa iwe, kwa mudzi wonse. Chizindikiro chimene unafuna kuti nditchule ndi chimenecho. Pakhonde paja ndinkafunafuna bodza langa, ndipo nditalisowa ndinadziwa kuti mwalawo ndi wa eni.

Ndipo pamene ndinalemba kuti upite nacho kwa wosula golide, ndinkadziwa kuti mano adzakwezedwa. Ndikanalemba mzere umodzi wokha wokuchenjeza. M'malo mwake ndinadzaza tsamba ndi za manja anga oyera.

Dzulo ndinamuuza Popat pa benchi, anthu asanachuluke.

"Ukuti zaka zonsezi ndakhala ndikutamanda mwala wong'aluka?"

"Unakana kutembenuza."

"Pamwamba panali bwino! Ine mbali yanga inalibe mlandu." Anamwa tiyi, kenaka anati, "Mlamu Kanku ankadziwa?"

Ndinati ayi. Koma ndabwera nalonso kunyumba funso limenelo. Kamtengo ka chipini kanapindika iwe usanakwatire. Kangati konse ndinamva akazi anzake akumuuza kuti akakonzetse, iye n'kumati, "Chisiyeni, chikagwiridwa chidzalankhula." Ndinkayesa nthabwala. Amayi ako ankatsuka chipinicho okha Lachisanu lililonse, pa dzuwa, ndipo maso awo anali akuthwa kuposa anga. Ndayang'ana chithunzi chawo m'mawa wonse. Sakuyankha, akungomwetulira momwe ankachitira ndikabwera ndi nkhani ya 1991.

Za makina ako sindinasinthe maganizo. Anthu zikwi ngati ine anapinda misana pa mphero kuti mwala ukhale chinthu chaulemu, inu mukuupanga ndi mankhwala a njenjete. Koma za mbewu ndamva. Ndine mlimi ndisanakhale wopera. Mtedza wa chaka chino si umene ndinabzala, koma palibe anganene kuti si wa m'munda mwanga.

M'kalata muno mwapindidwa ndalama ya marupi khumi, nambala yake ikuthera 417. Pita nayo kwa angadiya ukatenge kalata ija. Usaiwotche usanaiwerenge. Uone mmene bambo ako amalembera akakhala kuti akudziyesa oyera.

Ndikwera basi ya pa 21, chipini chabodzachi ndibwera nacho ubweze kumene unachitenga. Pa 22 ndikufuna ndikhalepo potsegula, uwauze a pa chipata kuti kubwera nkhalamba yotsimphina. Tikachoka pamenepo tipita kwa Jerambhai tonse awiri. Ndiyamba kulankhula ndine, ndipo ndiyambira mu 1984. Iwe udzanena zako pambuyo. Akafuna kuthetsa ukwati chifukwa cha zoona, athetse tili chiimire pamaso pake. Sindikhulupirira kuti atero. Amene wagulitsa miyala zaka makumi atatu amadziwa ntchito ya dzino lonenepa.

M'makinamo mukatuluka makala, Drashti adzavala golide wopanda mwala, ndipo wofunsa tidzamuuza chifukwa chake. Mukatuluka mwala, ukhale wachikasu, ukhale ndi kadontho, usaupereke ku makina opera. Undipezere mphero yakale, ku Varachha, dera la opera miyala lija, sizingathe zonse. Maso anatha, unanena zoona, koma zala sizinaiwale. Pamwamba upatse amene ukufuna, ngakhale Popat akalimbikira kukwera nawo basi.

Pansi asakhudze munthu. Ndipo ndikapezamo mng'alu, ndidzapera mpaka uthe, ngakhale patsale kanthu kochepa ngati njere ya mpiru.

Uyambe kudya.

Bambo ako,
Trikam